Timu ya ku Pottstown idafa chikho chili m'manja

Zisoti zomwe osewera a Pottstown Firebirds ankavala zinali ndi mapiko a chiwombankhanga, koma mapikowo sanali awo. Zidachokera ku Philadelphia Eagles, timu yomwe inali ngati kholo lawo, ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, ndipo zidafika zili kale ndi chizindikiro cha eni ake. Ndiye taganizani. Bambo wagwira ntchito sabata yonse, Loweruka madzulo akutuluka m'chipinda chovalira kulowa m'bwalo la sukulu ya sekondale, magetsi ali ngwee, anthu akufuula dzina la tauni yawo, koma pamutu pake wasenza chizindikiro cha mzinda wina. Zinali ngati mwana wovala malaya omwe mkulu wake adawasiya, dzina la mkuluyo likuonekabe pakolala.

Tikukamba za mpira wa ku America, osati wa miyendo womwe tidauzolowera. Uwu ndi uja mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, amauponya ndi manja, kuthamanga nawo ataukumbatira, kwinaku akugundana ngati nkhunzi za ng'ombe. Mbiri ya Firebirds ndi yaifupi kwambiri. Timuyi idayamba mu 1968, idasewera zaka zitatu mu ligi yaing'ono ya Atlantic Coast Football League, yomwe ankaitchula mwachidule kuti ACFL, idatenga chikho mu 1969, idachitenganso mu 1970, ndipo pofika 1971 ku Pottstown kunalibenso timu. Sidathe chifukwa chogonja. Sidathe chifukwa cha mkangano wa osewera. Idatha ili pamwamba penipeni.

Anthu akamakumbukira timuyi amakonda kuikamba ngati nthano yosangalatsa: amuna a mitu yovuta, osewera chifukwa chokonda mpira, oseketsa, osasamala za mawa. Ine nkhaniyi sindiiona choncho. Ndimaiona ngati nkhani ya nazale yomwe idafesedwa popanda woifuna mbande zake. Ndipo ndikuti imfa ya Firebirds sinali ngozi kapena tsoka. Idalembedwa kale tsiku lomwe timuyi idabadwa, chifukwa cha momwe mpira wa ku America udakonzedwera.

Pottstown ili m'chigawo cha Pennsylvania, m'mphepete mwa mtsinje wa Schuylkill, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Philadelphia. Dzinali lidachokera kwa John Potts, mwini ng'anjo zosungunulira chitsulo, yemwe adayala tauniyi m'zaka za m'ma 1700. Mu 1970 kunali anthu pafupifupi 25,000. Inali tauni ya anthu a ovololo: fakitale ya Bethlehem Steel, komwe adasulira zitsulo zomangira mlatho wa Golden Gate wa ku San Francisco, fakitale ya matayala ya Firestone, ndi kampani ya Mrs. Smith's yophika mapayi. Anthu otere Loweruka madzulo amafuna pokakhala, pofuula, poiwalira phokoso la makina. Firebirds idawapatsa malo amenewo.

Osewerawo anali a mitundu itatu. Ena adalawako NFL n'kuchotsedwa. Ena adachita bwino ku koleji koma matimu aakulu adawadumpha. Ena anali anyamata a m'deralo omwe thupi lidawalola ndipo mtima sudafune kusiya. Ambiri mwa iwo mpira sunali wodyetsa banja. Masana anali pa ntchito zina, zokonzekera ankachita madzulo. Mphunzitsi wamkulu anali Dave DiFilippo, yemwe adasewerako ku Eagles mu 1941, ndipo womuthandiza pa zoukira anali Ron Waller, katswiri wakale wa Los Angeles Rams.

Chondiseketsa, koma kuseka kwake kowawa, n'chakuti m'zaka zitatu zomwezo kholo linkavutika pomwe mwana ankakolola. Mu 1968 Eagles idapambana magemu 2 n'kugonja 12. Chaka chimenecho ndi chomwe masapota ake, atatopa ndi kugonja, adagenda ndi mibulu ya chipale munthu wovala ngati Father Christmas m'bwalo, nkhani yomwe anthu a ku Philadelphia amatonzedwa nayo mpaka lero. Mu 1969 idapambana 4, mu 1970 idapambana 3. Mwini wake, Jerry Wolman, adamira m'ngongole ndipo mu 1969 adagulitsa timuyo kwa Leonard Tose pa madola oposa 16 miliyoni. Nthawi yomweyo, makilomita 60 okha kuchokera pamenepo, anthu ovala zisoti zomwe Eagles idasiya ankaswa aliyense. M'ndime yotsiriza ya 1969 adakwapula Hartford Knights 48 kwa 14. Mu 1970 adakumananso, ndipo ulendo uno a Hartford sadapeze ngakhale pointi imodzi: 31 kwa duu. Hartford sinali timu yamasewera ayi, ndiyo idatenga chikho mu 1968.

Apa ndi pomwe wokonda mpira wa miyendo amafunsa funso lachibadwa: nanga atapambana choncho, sadakwere ligi yaikulu bwanji? Yankho n'lakuti ku America kulibe makwerero. Timu ya mu NFL igonje magemu onse chaka ndi chaka, siitsika. M'malo mwake imapatsidwa mwayi woyamba kusankha osewera atsopano. Timu ya ligi yaing'ono ipambane zaka 100 zotsatizana, siikwera. Malo mu NFL amagulidwa ndi ndalama, ndipo eni matimu omwe ali kale m'katimo ndi omwe amavota ngati akufuna mlendo. Choncho chikho cha Firebirds chinali chikho chopanda khomo. Ukachitenga, umachiika pa shelefu, chaka chamawa n'kuyambiranso pomwepo.

Wina angati palibe vuto, timu yaing'ono ntchito yake ndi kulera osewera, osati kukwera. N'zoona, ndipo ndi momwe zimayendera mu baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo. Pitani ku Reading, mzinda womwe uli pafupifupi makilomita 30 kuchokera ku Pottstown, m'mphepete mwa mtsinje womwewo. Kumeneko kuli timu yaing'ono ya baseball yomwe idalowa pansi pa timu yaikulu ya Philadelphia Phillies mu 1967, chaka chimodzi Firebirds isadabadwe. Timu imeneyo ilipo mpaka lero, pansi pa kholo lomwelo. Chifukwa chake n'chosavuta: mu baseball timu yaikulu ndiyo imalipira osewera ndi aphunzitsi a timu yaing'ono, popeza wosewera wa baseball amatenga zaka kuti akhwime ndipo palibe kwina kokamukhwimitsira kokwanira. Kholo limafuna nazaleyo, ndiye limaithirira.

NFL ili kale ndi nazale ina, yaikulu, ndiponso yaulere: makoleji. Mnyamata amasewera ku koleji zaka zitatu kapena zinayi, pamaso pa khamu la anthu, m'mabwalo ena oposa a NFL kukula kwake. Bwalo la koleji ya Penn State, m'chigawo chomwecho cha Pennsylvania, lero limalowa anthu oposa 100,000. Akuphunzitsidwa, akudyetsedwa, akuvulala ndi kuchira, zonsezo NFL osatulutsa ndi tambala yomwe. Kwa zaka zambirimbiri mnyamatayo sankaloledwa ngakhale kulandira ndalama chifukwa cha dzina lake. Lamulolo lidamasuka mu 2021. Akapsa, NFL imangobwera ndi dengu. Mu 1970 matimu 26 adasankha osewera 442 kuchokera ku makoleji, pomwe timu iliyonse inkaloledwa kukhala ndi osewera 40 okha. Munthu yemwe mnansi wake amamubweretsera mbande zoposa munda wake chaka chilichonse, angavutikirenji kutunga madzi othirira nazale yakeyake?

N'chifukwa chake ubale wa Eagles ndi Firebirds unali wa zisoti ndi malonjezo, ndipo udatha mu 1970, timu ili m'kati mopambana. Sindikuwaona a Eagles ngati anthu oipa pamenepa. Ankangowerengera. Taonani za Bob Tucker. Adasewera ku Pottstown mu 1969, ali wowakha mipira wosagwetsa. Mu 1970 adalowa mu NFL, koma osati ku Eagles. Adapita ku New York Giants, timu yolimbana ndi Eagles m'gulu limodzi. Mu 1971 adawakha mipira 59, kuposa wina aliyense m'chigawo chonse cha NFC, chimodzi mwa zigawo ziwiri za NFL, ndipo adakhala mu NFL mpaka 1980, zaka zomaliza ali ku Minnesota Vikings. Mbande idakulira m'nazale yokhala ndi mapiko a Eagles, n'kukabereka m'munda mwa mdani.

Jack Dolbin naye njira yake idadutsa ku Pottstown mu 1970, n'kuzungulira m'matimu ena aang'ono, mpaka adafika ku Denver Broncos mu 1975 ndipo adasewera mu Super Bowl, ndime yotsiriza ya NFL, ya Januwale 1978.   

Anthu amatchula Tucker ndi Dolbin ngati umboni woti Firebirds inali ndi phindu. Ine ndimakana kuyeza timuyi ndi muyeso umenewo. Ukati phindu la timu ndi anthu awiri kapena atatu omwe adathawamo, ndiye kuti wavomereza kuti anthu a ku Pottstown omwe ankalipira pageti sanali eni nkhani, anali ongoonerera mayeso a ntchito a anthu ena. Koma iwo sankapita kubwalo kukaona yemwe adzapite ku New York. Ankapita kukaona tauni yawo ikugonjetsa Hartford, likulu la chigawo cha Connecticut, mzinda woiposa kangapo. Phindu la timuyo linali pomwepo, Loweruka lomwelo. Vuto n'lakuti phindu lotere silinkalowa m'buku la munthu aliyense wa mphamvu.

Tsono ngati kholo silikulipira, ndani ankalipira? Thumba linali la Ed Gruber, mpondamatiki yemwe adalemera ndi fakitale yosoka zovala zam'kati. Tisamunyoze. Popanda ndalama zake sipakadakhala zikho ziwiri zija, chifukwa ndi iye adatheketsa kuti tauni ya anthu 25,000 ilembe osewera omwe matimu anzake sakadawakwanitsa. Koma timu yoimira pa thumba la munthu mmodzi imakhala ngati nkhuku yodyera pakhomo pa mnansi: tsiku lomwe mwini khomo wasesa n'kutseka chitseko, yagona ndi njala. Ife izi sizifuna kutifotokozera kwambiri. Taona matimu akusintha dzina nthawi iliyonse wothandiza akasintha, ena n'kuzimiririka kampani itatseka.

Chizindikiro choyamba chidaoneka mu 1970, pomwe dzina lidasintha kukhala Pennsylvania Firebirds. Ankasewerabe pa bwalo lomwelo, pamaso pa anthu omwewo, koma dzina la tauni lidachotsedwa. Kwa ine, timu ikayamba kuchita manyazi ndi dzina la kwawo, katundu wayamba kale kumangidwa. Mu 1971 Firebirds idaphatikizidwa ndi Norfolk Neptunes ya ku Virginia, makilomita oposa 400 kum'mwera. Waller adapita, osewera odalirika adapita. Ndipo chaka chomwecho Norfolk idatenga chikho cha ACFL. Idagonjetsa ndani m'ndime yotsiriza? Hartford Knights. A Hartford adaswedwa ndi gulu limodzi la anthu zaka zitatu zotsatizana, pansi pa mayina atatu: Pottstown, Pennsylvania, Norfolk. Mzinda waukulu sudapulumutse kanthu. Neptunes nayo idathera pomwepo, ligi yonse sidasewere mu 1972, idayesanso mu 1973, kenako zii.

Mfundo ya Norfolk ndi yofunika, chifukwa imayankha anthu omwe amati vuto linali kuchepa kwa Pottstown basi. Kukadakhala kuti ndi kuchepa kwa tauni kokha, kusamukira kumzinda waukulu wa doko kukadachiritsa matendawo. Sikudachiritse. Continental Football League, yomwe inali ndi matimu m'mizinda ikuluikulu ndithu ngati Orlando ndi Indianapolis, idayamba mu 1965 n'kutha mu 1969. Matendawo anali m'ligi zonse zazing'ono, osati mu Pottstown yokha.

Komabe ndisabise mbali yomwe otsutsa ali ndi mfundo. Mpira umenewu ndi wodula, ndipo thupi la munthu siliulola kuseweredwa kawirikawiri. Timu imafuna amuna pafupifupi 40, aliyense ndi chisoti, zotchingira mapewa ndi ntchafu, madokotala, basi yopita kutali. Koma pa chaka imasewera pakhomo magemu 6 kapena 7. Timu ya baseball ya ku Reading imatsegula geti pafupifupi ka 70 pa chaka. Mvula ikagwa Loweruka ziwiri, wa baseball wataya pang'ono, wa mpira uwu wataya gawo lalikulu la chaka chake. Masamu amenewa sangasinthe chifukwa choti wolemba ndemanga wakwiya. Ndikuvomereza kuti ndalama za pageti pazokha sizikadaisunga Firebirds. Chomwe ndikukana ndi kunena kuti choncho idayenera kufa. Timu ya ku Reading nayo siidadzisunge yokha. Idasungidwa ndi kholo lomwe linkaona chifukwa choisungira.

Palinso njira ina yomwe America imaidziwa koma idaitsekera. Green Bay, ku Wisconsin, ndi mzinda wa anthu ongopitirira 100,000, komabe uli ndi timu mu NFL, yotchedwa Packers. Packers ilibe mwini mmodzi. Kuyambira 1923 ndi ya anthu wamba ogula masheya, ndipo palibe bwana yemwe angadzuke m'mawa n'kuinyamula kupita nayo kwina. Matauni ang'onoang'ono ambiri omwe anali ndi matimu m'masiku oyambirira a NFL adawataya, koma Green Bay idagwiritsa yake. NFL idachita chiyani itaona kuti njirayi ikuyenda? Idakhazikitsa lamulo loletsa timu ina iliyonse kukhala ndi umwini wotere, n'kusiya Packers yokha poti idaupeza kale. Sindikunena kuti Pottstown ikadakhala Green Bay yachiwiri. Ndikunena kuti anthu oyendetsa masewerawa amadziwa chomwe chimamangirira timu pa tauni yake, ndipo sachifuna.

Pamwamba pa zonsezi padagwa kanema. Chaka cha 1970 ndi chomwe NFL ndi ligi ina yaikulu, AFL, zidamaliza kuphatikizana kukhala ligi imodzi, ndiponso ndi chomwe magemu a Lolemba usiku adayamba kuonetsedwa pa kanema dziko lonse. Sabata ya wokonda mpira idadzaza: Lachisanu usiku ana a sekondale, Loweruka makoleji, Lamulungu ndi Lolemba akatswiri. Lamulo la dziko lokhudza kuulutsa masewera limateteza Lachisanu ndi Loweruka kuti NFL isapondereze masukulu ndi makoleji pa nyengo yawo. Ligi zazing'ono palibe adaziganizira. Munthu wa ku Firestone, atagwira ntchito sabata yonse, adali ndi chisankho: kukakhala pa benchi yozizira mu Novembala kuonera osewera omwe NFL idawakana, kapena kukhala pa mpando kunyumba kuonera omwe idawalandira, kwaulere. Ambiri adapitabe kubwalo, ndipo n'chifukwa chake ndimawalemekeza. Koma sadakwane.

Tsopano za munthu yemwe dzina lake limabwera poyamba aliyense akatchula Firebirds: Jim Corcoran, wodziwika kuti King. Iyeyu anali quarterback, woponya mpira yemwe amatsogolera timu ikamaukira. Adachokera ku koleji ya Maryland, adayesedwa ndi matimu angapo aakulu, ndipo mu ligi yaikulu adangoonekera magemu awiri ndi Boston Patriots mu 1968. Ku Pottstown ankakhala ngati mfumu ndithu. Ankalandira ndalama zoposa anzake kutalitali, ankavala modzionetsera, ankayenda pa galimoto ya Lincoln yokhala ndi telefoni m'kati, pa nthawi yomwe telefoni ya m'galimoto inali chinthu cha mabwana akuluakulu. Ankamutcha Joe Namath wa amphawi, pomufanizira ndi quarterback wotchuka wa ku New York wa nthawiyo. Ndimayesa kuona m'maganizo galimoto yaitali ija itaima pakati pa magalimoto otopa a anthu a m'mafakitale, kunja kwa bwalo la sekondale, mwini wake akutulukamo ngati wafika ku New York.

Anthu amaseka akamakamba za King, ndipo kusekako kumaphimba chinthu china. Munthuyu ankadziwa kuponya mpira. M'ligi zazing'ono adatenga zikho kangapo, ndipo mu 1974, ali ku Philadelphia Bell mu World Football League, adaponya mipira yogoletsa yambiri kuposa aliyense mu ligiyo. Anali munthu woposa ligi yomwe analimo, koma wosakwanira, kapena wosamvera mokwanira, kwa mabwana a ligi yapamwamba. M'masewera ena munthu wotere amakhala ndi ntchito ya zaka khumi ndi zisanu mu ligi yachiwiri, amalandira malipiro odziwika, amapuma ndi ulemu. Mu mpira wa ku America munthu wotere alibe nyumba. Amangoyendayenda, ligi ikafa apite ina, mpaka mawondo atakana. Galimoto ya telefoni ija, kwa ine, inali njira ya munthu yodziuza kuti ntchito yake ndi yeniyeni, pomwe dongosolo lonse linkamuuza kuti si yeniyeni. Corcoran adamwalira mu 2009.

N'chifukwa chake mawu oti "ankasewera chifukwa chokonda mpira" amandinyansa pang'ono. N'zoona ankaukonda. Koma mawuwa amanenedwa kwambiri ndi anthu omwe sadalipire. Ndi mawu okoma otsekera pakamwa munthu yemwe wathyoka bondo pa malipiro osakwana lendi, Lolemba n'kukalowa ntchito akutsimphina. Chikondi chawo chinali chenicheni, ndipo pa chifukwa chomwecho chinali chosavuta kuchidyera masuku pamutu.

Ngakhale kukumbukiridwa kwa timuyi kuli ndi mbola yake. Matimu a ACFL analipo ambiri, ku Bridgeport, ku Roanoke, ku Long Island, ndipo ambiri adaiwalika psiti. Firebirds imadziwika chifukwa NFL Films, nthambi yojambula ya NFL yomweyo, idatumiza makamera kukatsatira timuyi mu 1970. Pomwe filimuyo inkafika kwa anthu, timu inali itasamuka kale. Ligi yomwe sidafune kusunga nazale idapeza kuti nazaleyo ndi yokoma kuijambula. Zaka pafupifupi 30 pambuyo pake adabwereranso kukajambula osewera aja atakalamba. Ndisaname, popanda makamera amenewo inenso sindikadadziwa kanthu za Pottstown. Koma kuthokoza kwanga kuli ndi malire.

Zomwe zidatsatira zikungotsimikiza mfundo yomweyo. Waller, Corcoran ndi anzawo ena a ku Pottstown adakumananso ku Philadelphia Bell mu 1974. Timuyo idalengeza kuti pa magemu awiri oyamba pakhomo padabwera anthu oposa 120,000, dziko n'kudabwa. Patangopita masabata ochepa zidaululika kuti matikiti ambiri adangogawidwa ulere kapena pa mtengo wotaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. World Football League idafa mu Okutobala 1975, nyengo isadathe. Ligi ina, USFL, idasewera kuyambira 1983 mpaka 1985, idasumira NFL kukhoti kuti ikuphangira msika, idapambana mlanduwo, n'kupatsidwa chipukuta misozi cha dola imodzi, yomwe malinga ndi lamulo idachulukitsidwa katatu kukhala madola atatu. Ligi ya XFL ya 2001 idatha chaka chimodzi. Alliance of American Football ya 2019 idaima patatha masabata 8.

NFL idayesapo kamodzi kukhala ndi nazale yakeyake yeniyeni, ndipo idakaifesa kutsidya kwa nyanja. Ligi yomwe idayamba mu 1991, yomwe pambuyo pake idatchedwa NFL Europe, idakhwimitsa anthu ngati Kurt Warner, yemwe adasewera ku Amsterdam mu 1998 ndipo nyengo yotsatira adatenga Super Bowl ndi St. Louis Rams. Ku Frankfurt anthu ankadzaza bwalo. Mu 2007 eni matimu adaitseka, ati ikuwononga ndalama. Apa panalibe Gruber wotopa, panalibe tauni yochepa. Panali ligi yolemera kwambiri pa dziko lonse, yomwe idaonetsa kuti ngakhale itakhala ndi ndalama, siifuna kulipira chinthu chomwe makoleji amaipatsa ulere. Ngati Frankfurt idatsekedwa, Pottstown inali ndi mwayi wanji?

Ena adzati ndikulira maliro a chinthu chaching'ono, timu ya zaka zitatu m'tauni yomwe ambiri sangailoze pa mapu. Mwina. Koma taonani zomwe zidaichitikira tauniyo m'zaka khumi zotsatira. Fakitale ya Bethlehem Steel idatseka m'zaka za m'ma 1970. Firestone idatseka mu 1980. Zonse zidachoka m'njira yofanana ndi ya Firebirds: anthu a m'tauni adagwira ntchito yawo bwino, chiganizo chidapangidwa kwina ndi munthu wowerengera, iwo adangomva. Timu idangotsogola, ndipo idatsogola itangopambana 31 kwa duu.

Sukulu ya Pottstown ikadali ndi timu yake ya ana, yotchedwa Trojans, ndipo nyengo ya mpira ikafika magetsi amayakabe Lachisanu usiku. Mwana yemwe wachita bwino pamenepo amapita ku koleji. Akachita bwino ku koleji koma NFL n'kumudumpha, monga imadumphira pafupifupi onse, amavula chisoti ali ndi zaka 22 kapena 23 n'kukafuna ntchito ina.